Mtanda ndi Mbedza pa Bwato la Atate

Luangwa Boma
19 Okotobala 2024

Wokondedwa mwana wanga Thecla,

Landira moni wochokera kwanu kuno ku Feira. Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino lafika poti mbuzi zikukana kuchoka pansi pa mitengo ya masau. Kaya iwe ku Lusaka ndi makompyuta ako? Kalatayi ndapatsira a Barbara amene akubwera ndi nsomba ku msika wa Soweto. Pa foni sindinganene, chifukwa ukudziwa kuti ine ndikamalankhula pa foni doko lonse limamva, ndipo zimene doko lamva m'mawa, masana zimakhala zitawoloka kale ku Zumbo, tsidya la Mozambiki.

Khala pansi kaye. Ndagula bwato! Osati mwadiya wosema ayi, bwato la faibala la injini, la mipando yake, lonyamula anthu ndi matumba. Ukonde ndausiya, ng'ona zitsale ndi achinyamata. Ndizikhala ndikuwolotsa anthu pakati pa Feira ndi Zumbo. Tsiku limene linafika ndinalizungulira mpaka a Gidiyoni, aja a mwadiya wakale, anandifunsa ngati ndikufuna kulikwatira.

Manje nkhani yeniyeni ndi iyi. Amako anawolokera ku Zumbo pa Pasaka kukadwazika mng'ono wawo Aida. Aida anachira kalekale, ndamuona ndi maso anga atasenza nkhuni tsidya lija, koma amako sabwera. Ndikatumiza mawu amangoti "ndikubwera". Foni yawo anaisiya pa kabati, ili pomwepo mpaka lero. Ndaganiza chochita. Bwatoli ndilitcha dzina lawo, osati Estela limene aliyense amalidziwa, koma lachiwiri lija la Chipwitikizi, Konsesau, kaya limalembedwa bwanji. Lilembedwe ndi zilembo zazikulu mbali zonse ziwiri, zoti munthu ali ku Zumbo aziwerenge. Pa 8 Disembala, tsiku la Amai Maria, lomwenso amako anabadwa, ansembe adzalidalitsa, ine ndidzawoloka, ndipo munthu woyamba kukwera adzakhala iwowo. Ukuona bwanji? Akanakhala iwe ukanakana?

Ndikupempha ziwiri. Undipangire tsamba la pa intaneti ngati aja umapangira makampani, kuti ndi alendo omwe adziwe nthawi zowolokera. Ndiponso undiuze kalembedwe ka dzinalo, Dennis wolemba zikwangwani akudikira ndi penti. Amako usawauze kanthu. Bwato ndaliphimba ndi lona.

Ndine atate ako,
Tenson


Lusaka
27 Okotobala 2024

Okondedwa atate,

Ndalandira kalata yanu pamodzi ndi nsomba za pende zouma, zikomo kwambiri. Ndili bwino. Nkhani ya bwato ndinaiwerengera pa basi, ndipo ndinafuula mpaka amai amene ndinakhala nawo pampando anaganiza kuti ndaberedwa. Mwachita chinthu chachikulu, atate.

Tsamba ndapanga, latha. Adiresi yake ndalemba pa kapepala kamene ndamata kumbuyo kwa kalatayi. Pamwamba pali dzina la bwato m'zilembo zazikulu zobiriwira, m'munsi muli nthawi zowolokera m'Chinyanja, m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi. Nthawizo ndangoyerekeza, mundiuze zenizeni.

Pa za dzina, musamulembere Dennis pamanja, ndipo "Konsesau" wanuyo asamuone n'komwe. Atsegule tsambalo pa foni yake, atengere dzinalo monga lilili, chilembo ndi chilembo. Chipwitikizi chili ndi tizizindikiro pamwamba ndi pansi pa zilembo timene ife sitinatizolowere, ndiye akhoza kuganiza kuti ndi zolakwika. Asachotse kanthu, asawonjezere kanthu.

Chinsinsi ndisunga. Koma ndifunse funso limodzi, musakwiye. Amai munawafunsapo chifukwa chimene akukhalira ku Zumbo? Bwato ndi yankho labwino, kungoti funso lake sitikulidziwa.

Mugule majekete oyandamitsa munthu m'madzi musanayambe kunyamula anthu, mvula ikayamba Luangwa saseka ndi munthu. Mundilembere Dennis akamaliza.

Mwana wanu,
Thecla


Zumbo
3 Novembala 2024

Thecla mwana wanga,

Moni. Ndatenda, zikomo kwambiri, chifukwa cha mafuta odzola amene unatumiza ndi a Barbara. Ndili bwino, Aida ali bwino, wanenepa kuposa kale ndipo pakamwa pake pachira kwambiri. Iwe ukudya? Pa chithunzi chimene a Barbara anandionetsa makosi akuoneka.

Unandifunsa kuti ndibwerera liti ku Feira. Sindikudziwa. Palibe ndewu, usade nkhawa. Atate ako sanandimenyepo, sanandinyozepo. Koma ndikuuze chimene chandichitikira kuno. Tsiku loyamba ndikutuluka m'tchalitchi, mai wina amene tinaphunzira naye katekisimu anafuula, "Conceição!" Ndinayenda osatembenuka. Ndinali nditaiwala kuti ndi ine. Ku Feira ndakhala zaka zonse za moyo wako ndi zina, ndipo kumeneko ndine amake Thecla, kapena ndikapereka msana, "Mozambiki uja wa a Tenson". Atate ako amawoloka kuno kudzagula nsomba, koma sanagonepo kwathu ngakhale kamodzi, ndi pa maliro a agogo ako omwe. Nthawi zonse amati ukonde uli m'madzi. Sindikudandaula, ndikungokuuza kuti kuno ndikupuma.

Tsono pali nkhani imene yadzaza msika. Akuti pa doko la Feira pali chinthu chachitali chophimbidwa ndi lona, ndipo atate ako amachilondera ngati nkhuku yofungatira. Wina akuti ndi bwato, wina akuti ndi la boma angowasungitsa. Aida akuti, "Mana, mkulu wanga, mwamuna akayamba kuphimba zinthu ndi lona, konzekera kulandira mkazi mnzako." Ndinamuponyera chitsononkho. Ngati ukudziwapo kanthu undiuze.

Amako,
Estela


Luangwa Boma
10 Novembala 2024

Thecla mwana wanga wanzeru,

Moni, moni! Ndili bwino kwambiri. Dzina lalembedwa! Iwe mwana, nzeru zoterezi unazitenga kwa ndani? Sunandiuze dala kuti ndidzadabwe, ndipo ndadabwadi.

Dennis atatsegula tsamba pa foni yake anati, "Ba Tenson, Chipwitikizi ndimachiona pa masitolo a ku Zumbo, koma mtanda pakati pa dzina sindinauonepo." Ndinalanda foni. Zoonadi, pambuyo pa A wa kachipewa pali mtanda wa mikono iwiri, kenaka A wina wa kachipewa, kenaka mbedza yeniyeni yopindika kumunsi. Dennis anati tikuimbire foni. Ndinati, "Iwe Dennis, unapita ku yunivesite iti? Mwana wanga walemba kuti usachotse kanthu, usawonjezere kanthu." Anati, "Chabwino mudala, penti ndi yanu."

Ndili chiyang'anire ndipamene ndinamvetsa chimene unatanthauza. Mtanda ndi amako, munthu wa kwaya ndi kolona. Mbedza ndine, msodzi. Watiika pamodzi m'kati mwa dzina limodzi! Ndinachoka pang'ono kupita kuseri kwa bwato kuti Dennis asaone maso anga. Nditabwerako ndinamuuza kuti mtandawo aupake penti yofiira, mbedza yachikasu, zina zonse zobiriwira monga unachitira iwe. Ndinaima pambali pake mpaka anamaliza mbali zonse ziwiri. Dzina latalika kuchokera kumutu mpaka pakati pa bwato.

A Gidiyoni anasuzumira pansi pa lona n'kunena kuti, "Nanga ili likuwerengedwa bwanji?" Ndinati silowerenga anthu a mwadiya. Chithunzi sinditumiza, bwato silijambulidwa lisanadalitsidwe.

Funso lako lija ndaliona. Palibe chofunsa, mwana wanga, akaona adzamva okha. Kunena zoona Disembala watalika. Injini ifunika kuyesedwa, ndipo poyesa injini munthu akhoza kudutsa pafupi ndi gombe la Zumbo, lona litatsala kunyumba. Majekete ndagula. Kalatayi ibwera ndi a Barbara akadzaza matumba awo.

Atate ako osangalala,
Tenson


Lusaka
18 Novembala 2024

Atate,

Moni, ndikhulupirira muli bwino. Kuno mvula yayamba. Sindinalandire kanthu kuchokera kwa inu, ndipo a Barbara sanaoneke ku Soweto, anzawo akuti akudikirabe nsomba ku mtsinje. Ndikakuimbirani mumangoseka n'kunena kuti zonse zili m'kalata. Kalata yake iti? Dennis analemba? Zilembo zinakwana pa bwato? Ndatenga tchuthi cha masiku a Khirisimasi, pa 8 sinditha kubwera, ndiye ndikufuna kumva zonse. Iyi ndapatsira kondakitala wa basi.

Thecla


Zumbo
24 Novembala 2024

Thecla,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ku Feira zikuoneka kuti ena sakudziwa.

Dzulo m'mawa ndinali pa gombe ndi Aida ndi amai ena a m'kwaya, tikugula ncheni. Tinamva injini, tinaona bwato latsopano loyera likubwera mothamanga, atate ako ataima kumbuyo atavala shati ya pa ukwati wa mlongo wako Luis, akugwedeza chipewa. Anadutsa kamodzi, anakhota, anadutsanso pang'onopang'ono kuti tione bwino. Ndipo tinaona.

Poyamba ndinakondwa, sindibisa. Ndinawerenga C, O, N, C, E, I, ndipo ndinagwira dzanja la Aida. Kenaka dzina linasweka. Zilembo zosadziwika, chinthu chokhota ngati chokolera nyama, ndipo pakati penipeni mtanda wofiira. Thecla, iwe unakulira m'tchalitchi. Mtanda pa dzina la munthu amauika liti? Pita kumanda a kuno ukaone, tenga kapepala ka Misa ya akufa uwerenge. Mai wina wachikulire anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kunena kuti, "Mayo, mkazi wa bambo uyu anamwalira liti? Wamukumbukira bwino." Ine nditaima pambali pake ndi nsomba m'manja! Aida anayamba kuseka, ataona nkhope yanga analeka.

Atate ako anafuula kuti, "Estela, waona?" Ndinati ndaona. Ndinatembenuka n'kupita kunyumba. Madzulo ana a m'mudzi anali atayamba kale kunditcha mzukwa wa pa bwato.

Ngati akufuna kunena kuti kwa iwo ndinafa chifukwa ndakhalitsa kwathu, akanangotuma munthu, osati kulemba pa bwato kuti maiko awiri awerenge. Ndinali nditayamba kumanga katundu, ndimati ndibwerere Khirisimasi isanafike. Ndamasula. Uwauze anditumizire makina anga osokera.

Amako


Lusaka
28 Novembala 2024

Okondedwa amai ndi atate,

Moni nonse awiri. Kalatayi ndalemba ziwiri zofanana, ina ipita ku Feira, ina ku Zumbo, kuti wina asati mnzake wauzidwa zosiyana. A Barbara afika lero ndi makalata awiri m'thumba limodzi, ya atate ya pa 10 ndi ya amai ya pa 24. Nditawerenga za mtanda ndi mbedza ndinatsegula tsamba lija pa foni yanga, pomwepo pa msika. Pamene ndinalemba CONCEIÇÃO panali CONCEIÃ‡ÃƒO.

Amai, atate sanaike mtanda. Atate, inenso sindinaike mtanda kapena mbedza. Ndifotokoze bwinobwino, chifukwa chinthuchi chili ndi chifukwa chake chenicheni ndipo mulibe matsenga kapena chipongwe.

Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo foni ikalandira tsamba imatembenuza manambalawo kukhala zilembo potsata ndondomeko imene anthu anagwirizana. Vuto ndi lakuti ndondomekozi zilipo zingapo. Ine ndinalemba tsambali m'ndondomeko ya masiku ano yotchedwa UTF-8, imene imakwanitsa zilembo za zinenero zonse. M'menemo zilembo wamba monga C, O ndi N zimatenga nambala imodzi imodzi, koma Ç wa kamchira amatenga manambala awiri, Ã wa kachipewa awirinso. Ndondomeko yakale ya ku Ulaya imawerenga nambala iliyonse payokha ngati chilembo. Ndiye ikapeza manambala awiri a Ç imaona zinthu ziwiri, Ã ndi ‡. Ikapeza awiri a Ã imaona Ã ndi ƒ. Mtanda uja ndi theka la C wa kamchira. Mbedza ija ndi theka la A wa kachipewa. Zilembo wamba zimafanana m'ndondomeko zonse ziwiri, n'chifukwa chake chiyambi cha dzina chinatuluka bwino, ndiponso mbali ya Chinyanja ndi ya Chingerezi zinalibe vuto. Ya Chipwitikizi inawonongeka yonse, pa Sábado panali SÃ¡bado.

Tsamba lililonse liyenera kunena lokha kumutu kwake ndondomeko imene lalembedwamo. Ndi mzere umodzi waufupi umene owerenga sauona, <meta charset="utf-8">. Mzerewu sindinauike. Pa kompyuta yanga dzina linkaoneka bwino, chifukwa kompyuta ikamatsegula tsamba limene lili m'kati mwake imayesa kuzindikira yokha. Likachokera pa intaneti popanda mzere uja, imangotsata ndondomeko yakale. Ine ndinaliona pa kompyuta, ndinalitumiza pa intaneti, sindinalitsegulenso. Pamwamba pa apo ndinalamula kuti Dennis asachotse kanthu. Dennis anaona bwino, ndipo mumupepesere.

Mzere ndauika, ndayesa pa mafoni a anthu a mu ofesi, dzina likutuluka loyera. Pa foni ya Dennis likaonekabe lakale, atseke tsambalo alitsegulenso. Kukonza tsamba kwanditengera nthawi yochepa kuposa kulemba ndime ino. Penti ndiye ilibe njira yotero.

Amai, kalata ya atate ya pa 10 ndaiika m'envulopu yanu. Sindinawapemphe chilolezo. Muwerenge nokha chimene iwo anaona pa mtandawo. Makina osokera ndikupempha adikire kaye.

Mwana wanu,
Thecla


Zumbo
1 Disembala 2024

A Tenson,

Moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Aka n'koyamba kukulemberani chikwatirane, ndiye musadabwe ndi dzanja.

Ndawerenga kalata ya Thecla. Za manambala sindinamve zonse, koma ndamva kuti makina anasokoneza, ndipo makinawo ndawakhululukira. Ndawerenganso yanu. Za kuseri kwa bwato ndaziona. Ndavomera kuti simunandiike m'manda.

Koma taonani. Mwalemba nokha kuti munaima pambali pa Dennis mpaka anamaliza mbali zonse ziwiri. Dennis, mwana wa eni, anaona kuti pali cholakwika. Inu amene mwagona nane nyumba imodzi zaka zonsezi munayang'ana dzinalo tsiku lathunthu osadziwa kuti si langa. Lili pa kalata ya ukwati wathu, lili pa khadi langa la ku chipatala limene mumandinyamulira. Foni inalakwa chifukwa sinauzidwe. Inu munauzidwa pa guwa.

Bwato ndi lokongola. Injini ikumveka bwino. Makina osokera asiyeni kaye.

Estela


Zumbo
5 Disembala 2024

Thecla mwana wanga,

Moni. Ona pamwamba pa kalatayi, ona kumene ndikulembera! Ndili bwino, kungoti msana ukuwawa ndi mphasa ya Aida, ndipo zala zonse ndi zobiriwira.

Amako anandilembera kalata. Zimene analemba ndi za ine ndi iwo. Nditawerenga ndinatenga sandipepa n'kupala dzina lonse mbali zonse ziwiri, ndi mtanda wanga wofiira womwe, ngakhale unandimvetsa chisoni. Dennis anabwera ndi foni akuti, "Mudala, manje latuluka bwino, ndilembe?" Ndinati ayi, undibwereke bulashi. Anati, "Ba Tenson, inu ndi bulashi? Bwato lidzaoneka ngati mwana walilembera ndi phala." Ndinati lidzaoneka choncho basi.

Lachiwiri ndinadinditsa chiphaso pa boda, ndinawoloka ndi bwato lopanda dzina, ndinalikokera pamchenga wa Zumbo, n'kupita kwa Aida ndi chitini cha penti. Aida atandiona anafuula, "Mana, tuluka, wamasiye wako wabwera!" Amako anatuluka. Ndinati, "Ndabwera kuti mundiphunzitse." Analowanso m'nyumba n'kutenga mpando.

Mwana wanga, sukulu imeneyi sindinaionepo. Anakhala pampando pa gombe ndi ambulera, analemba dzinalo pamchenga ndi kamtengo, n'kunena kuti ndisakhudze bwato mpaka nditalilemba pamchenga osayang'ana. Ndinalemba, anafufuta ndi phazi. Ndinalembanso, anafufuta. Gombe lonse linasonkhana. Ogulitsa nsomba anasiya nsomba. Ndikaiwala kamchira ka C amai onse amafuula pamodzi, "Mchira, bambo!" Kutchula ndiye kunavuta kwambiri, kumapeto kwake mawu amatulukira m'mphuno. Amako anati, "Simukuitana mbuzi, tsekani pakamwa pang'ono." Mai wachikulire uja amene anati amako anamwalira anabwera kudzandigwira dzanja, akuti wasangalala kuti mkazi wanga wauka.

Dzuwa linalowa nditangomaliza mbali imodzi. Ndinati ndiwoloke ndidzabwere mawa. Amako anati, "Ukonde uli m'madzi?" Ndinati ukonde ndinagulitsa. Anati, "Ndiye mukuthamangira chiyani?" Ndagona kuno kawiri tsopano. Dzulo ananditengera kumanda a agogo ako, tinalimirako.

Mbali yachiwiri ndamaliza lero. Zilembo zina zatsamira ngati zaledzera, O womaliza wachepa chifukwa malo anatha. Koma zonse zilipo, palibe chowonjezera. Za Lamlungu sanalonjeze kanthu. Ndafunsa kamodzi, anati penti iume kaye. Mawa ndibwerera ku Feira kukakonza za ansembe. Undipempherere, ndipo unditumizire mankhwala opaka msana.

Atate ako,
Tenson


Feira
10 Disembala 2024

Thecla mwana wanga,

Moni wa amako. Ndili bwino, ndatopa chabe. Ndikulembera patebulo la m'nyumba mwanu, nditachotsapo zitsulo za injini, nyambo zouma ndi mbale zimene ndikuganiza kuti zinatsukidwa komaliza pa Pentekoste.

Lamlungu Misa itatha tinamva injini. Sindinali nditamanga katundu. Ndinapita ku gombe ndi kolona ndi chikwama cha m'manja basi, ndimati ndikangoona. Bwato linabwera litamangidwa nsalu ndi maluwa a pulasitiki, madzi odalitsa asanaume pamipando, ndipo tsidya la Feira kwaya inali itaima pa doko ikuimba, mawu akumveka pamadzi. Dzina likuwerengeka kuchokera patali. Ndi lopindika, mwana wanga, Dennis akaliona amatseka maso. Ine ndinaliwerenga kawiri.

Atate ako anazimitsa injini, anatsika m'madzi ndi nsapato zawo za ku tchalitchi, n'kuitana pamaso pa anthu onse, "Conceição, tiyeni." M'mphuno munatuluka bwino ndithu. Aida anandikankha kumsana n'kunena kuti, "Pita, ungatichititse manyazi, munthu waphunzira." Ndinakwera. Anandiveka chijekete cha lalanje chija pamwamba pa diresi yanga yabwino, ndinakana, anati ndi lamulo la Thecla. Kwaya ya kwathu inadzaza mipando yotsala osaitanidwa, ndiye tinawoloka tikuimba Chipwitikizi, a ku Feira akuyankha m'Chinyanja, nyimbo ziwiri zosiyana. Pakati pa mtsinje mvuu inatulutsa mutu, a Gidiyoni ali m'mwadiya wawo anafuula kuti nayonso yabwera kudzawerenga.

Tinadya, tinavina, ndinavina ndi ine ndemwe. Anthu akufunsa kale za malo a Loweruka, ena akuti anaona pa tsamba lako.

Atate ako akuti ndikuuze kuti ndabwerera. Ine ndikuti ndawoloka. Loweruka tiwolokanso tonse awiri, bwato likagona ku Zumbo ndi eni ake, ndipo zizikhala choncho Loweruka lililonse. Ndinawafunsa pa doko ansembe ataima pomwepo, anavomera, sangathawe. Aida akuti awagulira matiresi.

Undilembere za ku ntchito, ndipo udye. Ukamabwera pa Khirisimasi unene msanga tsidya limene ukufuna kutipeza.

Amako